Kanati ka m'chitseko cha kumanzere

Amuna anga ndi amakaniko, koma si oti mungawapititsire galimoto yabwino. Galimoto yabwino akaiona amangoizungulira kamodzi, manja kumbuyo, n'kukuuzani kuti mubwerere nayo kumene munaigula. Zawo iwo ndi zija eni ake anatopa nazo kalekale: yotha penti, ina chitseko chimodzi cha mtundu wina, ina yoti nkhuku inayamba kale kuikiramo mazira. Amazigula motchipa, kuzikokera kuseri kwa nyumba yathu, n'kuzikonzera ana a anthu amene angotenga kumene laisensi. Ine ndatha zaka makumi atatu ndikuyanika zovala pakati pa magalimoto akufa, ndipo palibe nsalu yanga yoyera imene sinakumanepo ndi oyilo.

Mumsewu mwathu amawatchula kuti a Bweranimawa. Dzinalo sanalipemphe, koma analigwirira ntchito.

Amene amabwera kwathu amabwera awiriawiri, kholo ndi mwana. Kholo limafuna galimoto yosaboola m'thumba ndiponso yoti mwana azibwera nayo kunyumba wamoyo. Mwana amafuna yoti anzake akamuona atembenuke. Amuna anga amamvetsera onse awiri, kugwedeza mutu mofanana, kenako n'kuchita za kholo. Amayambira pansi: mabuleki, matayala, chiwongolero, malamba. Injini amasankha yaing'ono, yoti ikafika pachitunda izikumbutsa mwanayo kuti kuthamanga si kwake. Penti sapaka. Amati galimoto yonyansa saibwereka anzako. Wailesi amaichotsa tsiku loyamba n'kuuza mwanayo kuti adzaitenge pakatha miyezi itatu, akaphunzira kumva injini. Ambiri sabwera kudzaitenga. Pamwamba pa wadiropu yathu pali mawailesi khumi ndi asanu ndi awiri, ndipo m'chipindamo simunamvekepo nyimbo.

Tsiku lopereka makiyi mwana amasintha tayala yekha, kholo litakhala pa benchi, kenako amatuluka chobwerera m'mbuyo pa geti lathu, lomwe ndi lopapatiza. Mzati wa getilo uli ndi penti wa mitundu yonse. Ndinapemphapo kuti tilikulitse, anandiyankha kuti ndiye mayeso ake omwewo.

Zonsezi makolo amazidziwa. Chimene sadziwa ndi kanati.

Galimoto ikatsala pang'ono kutha, amuna anga amatsegula chitseko cha kumanzere, kuchotsa chophimba cha m'kati, kutenga kanati kamodzi kakale, kaja komangira bawuti, kukamata ndi girizi, n'kukakanikiza pa chitsulo cha m'katimo. Kenako amatseka bwinobwino. Masabata oyamba kanatiko kamangokhala duu. Dzuwa likawomba, galimoto ikagwa m'maenje angapo, girizi uja amafewa, kanati n'kugwera pansi pa chitseko. Kuyambira pamenepo galimoto ikangogwedezeka, kobo kobo kobo. Sikawononga kanthu. Kamangosowetsa mtendere, ndipo kali kutali ndi dzanja la woyendetsa. Pofika sabata yachitatu mwana uja amatulukira pa geti, nkhope ili gwaa.

"Bambo, galimoto ija ikusokosera."

"Ikusokosera pati?"

"Uku, kumanzereku."

"Oho. Lowa m'nyumba, amayi akupatse tiyi."

Ine ndiye amayiwo. Ndamwetsa tiyi ana a anthu osawerengeka chifukwa cha kanati. Mwana ali pa tiyi, iwo amagona pansi pa galimoto, ndipo chitseko sachiyang'ana n'komwe. Amaona mabuleki mmene adyekera, m'mbali mwa matayala ngati mwakhudzapo mwala, kilatchi ngati ikununkha, ngodya za bampa. Akadzuka amakhala akudziwa zonse: kuti mwanayu amaponda buleki mochedwa, kuti amanyamula anzake asanu kumbuyo, kuti oyilo sanamuyang'anepo chichokereni. Akatero amamuitana n'kumuuza zimenezo chimodzichimodzi, mosakweza mawu, mwana maso ali pansi ngati wagwidwa ndi shuga m'kamwa. Pomalizira amatsegula chitseko, kutola kanati kaja, kukayang'ana modabwa.

"Magalimoto akalewa," amatero. "Zimachitika."

Ndinawafunsapo kuti bwanji osangomuuza mwana kuti abwere pakatha masabata atatu. Anati mwana amene wangogwira chiwongolero ukamuuza kuti abwere sabwera, koma phokoso likamuuza amabwera. Sindinatsutse, poti ndinali nditaona ndekha kuti zimatheka.

Zinakanika pa mwana mmodzi yekha, ndipo anali wathu. Chisamba wathu, wamwamuna, atapeza ntchito bambo ake anamukonzera galimoto, ndipo kanati anaikamo monga mwa nthawi zonse. Katayamba kulira, mnyamatayo sanabwere kwathu. Analowa pa galaja ina pafupi ndi kuntchito kwake, ali ndi mtsikana amene ankamufunsira. Makaniko wa pamenepo anatsegula chitseko, kuona girizi, n'kuyamba kuseka. Anali munthu wowadziwa amuna anga. Anaitana anzake kuti adzaone, n'kumuuza mwana wanga, mtsikana uja ali pomwepo, kuti bambo ake amamuyesabe khanda.

Lamlungu lotsatira anabwera. Tinali pa tebulo. Anaika kanatiko pafupi ndi kapu ya bambo ake.

"Mukanangonena kuti mukufuna kundiona, adadi."

"Kanagweramo kokha," anatero amuna anga.

Anali ndi mpata wonena china, koma ananena chimenecho. Papita zaka zisanu ndi chimodzi. Mnyamatayo amabwera kawiri pa chaka, galimoto amaisiya kumapeto kwa msewu kuti bambo ake asaione matayala, ndipo foni amaimba yanga. Kanati kake kali pawindo la kukhitchini. Ndikamapukuta pawindopo ndimakanyamula n'kukabwezera pomwepo, chifukwa tsiku limene ndinakataya amuna anga anakakatola m'bini.

Chaka chatha inafika nthawi ya mzime wathu, wamkazi. Anatenga laisensi ulendo woyamba, kenako n'kupeza ntchito mumzinda wina, ulendo wa maola asanu. Bambo ake anamupezera kagalimoto kobiriwira, boneti yake yotuwa. Galimoto ya mwana wa munthu wina imawatengera masabata asanu. Iyi inatenga miyezi inayi. Mabuleki anamanga n'kumasula katatu. Anasintha zinthu zimene zinalibe vuto. Mtsikanayo akafunsa, yankho linali dzina lawo lija, mpaka anayamba ntchito akuyenda pa basi, n'kubwera tsiku lina kudzanena kuti Loweruka akutenga galimoto yake, yatha kaya sinathe.

Lachisanu masana ndinatuluka kukaanula zovala. Ndinawapeza ataima pa chitseko cha kumanzere, chophimba chili pansi, kanati m'dzanja, chitini cha girizi chili chotsegula. Ndinaanula zovala zonse, kuzipinda, iwo ali chiimire. Kenako anaika kanatiko m'thumba la ovolosi n'kuyamba kutseka chitseko.

"Simuikamo?" ndinafunsa.

"Ndi kutali. Angathe mafuta pachabe."

"Inu, nkhani si mafuta."

Anamanga sikuluu imodzi, n'kumanganso ina.

"Ndinataya kale mmodzi ndi kanati," anatero. "Uyu akafuna abwera yekha."

Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinakwiyanso, chifukwa ndimawadziwa onse awiri. Mtsikana ameneyu anatengera bambo ake chilichonse kupatula ndevu. Sanganene kuti wasowa munthu ngakhale mutamupanikiza ndi jeke.

Loweruka anasintha tayala mofulumira kuposa ana onse amene ndawaonapo, n'kutuluka pa geti osakhudza mzati. Wailesi bambo ake anamusiyira, koyamba m'mbiri ya nyumba ino. Anaimika dzanja pawindo, n'kukhota pa ngodya. Galimotoyo inkayenda mwakachetechete moti galu wa aneba sanadzuke.

Sabata yachitatu inakwana. Amuna anga anayamba kugwira ntchito chakufupi ndi geti. Galimoto ikadutsa mumsewu, sipanala inkaima. Mtsikanayo ankaimba Lamlungu lililonse, pa foni yanga, ine n'kuwapatsira.

"Ikuyenda?"

"Ikuyenda, adadi."

"Palibe phokoso lililonse?"

"Palibe."

"Chabwino. Nawa amayi ako."

Akandibwezera foni ankapita kukakhala m'galimoto ina yopanda matayala, n'kumayang'ana kutsogolo ngati ali pa ulendo. Pa moyo wawo wonse sanakonzepo galimoto bwino ngati imeneyo, ndipo ndi imene inkawaondetsa. Tiyi ankamusiya theka. Sabata yachisanu ndi chimodzi ndinalephera kupirira.

"Muimbireni mumuuze kuti mwamusowa."

"Ndimuuze kuti abwere kudzatani? Galimoto ilibe vuto."

"Abwere kudzaona bambo ake."

"Bambo akenso alibe vuto."

Ndinamuimbira ndekha mtsikanayo n'kumufunsa kuti abwera liti. Anati ntchito yachuluka, komanso adadi sananene kanthu, ndiye kuti zonse zili bwino. Ndinadula foni ndisanalankhule zoti ndidzapepese. Ndinaona kuti zikupita kumene zinapita za mchimwene wake, popanda ngakhale mkangano woti munthu n'kuulozera chala, ndipo ndinachita mantha.

Loweruka la sabata yachisanu ndi chinayi, chakum'mawa ndithu, ndinali kukhitchini. Ndinamva galimoto ikukhota pa ngodya, ndipo pa bampu ya pafupi ndi golosale ndinamva kobo kobo kobo. Phokoso limenelo ndimalidziwa kuposa kulira kwa ana anga. Ndinaika ketulo pamoto ndisanasuzumire n'komwe. Nditasuzumira, ndinaona kagalimoto kobiriwira, boneti yotuwa.

Amuna anga anatuluka pansi pa galimoto ina, akupukuta manja pang'onopang'ono. Mtsikanayo anatsika.

"Adadi, galimoto ija ikusokosera."

Anamuyang'ana, n'kuyang'ana thumba la ovolosi yawo. Ndinaona dzanja likulowa m'thumbamo n'kukhudza kanthu.

"Ikusokosera pati?"

"Uku, kumanzereku."

"Oho."

Ulendo uno anayambira chitseko. Ine ndinali nditafika kale ndi makapu, poti sindikanalola kuti ndizimve kwa ena. Masikuluu a chophimba anali okalikakalika, ngati munthu anawamasula ndi mpeni wa kukhitchini. Atachotsa chophimbacho anapisa dzanja pansi n'kutulutsa kanati. Kanali katsopano, konyezimira, kopanda girizi ngakhale pang'ono, ndipo saizi yake sinali ya chinthu chilichonse cha m'galimoto imeneyo. Kanali kogula kusitolo.

Anakatembenuza m'dzanja nthawi yaitali. Mtsikanayo ankayang'ana zovala zanga pachingwe ngati sanaonepo zovala.

"Magalimoto akalewa," anatero amuna anga. "Zimachitika."

"Ndinadabwa nanenso," anatero mwana wawo.

"Lowa m'nyumba, amayi ako akupatse tiyi."

Anakhala pansi pa galimotoyo maola awiri. Atatuluka anamuitana n'kumuuza kuti amakhota mothina kumanzere, tayala lakutsogolo likuchitira umboni, ndiponso kuti phazi amalisiya pa kilatchi. Mtsikana amene sauzidwa kanthu ndi munthu anaima pamenepo, manja kumbuyo, akuvomera chilichonse. Tsiku limenelo bambo ake anamaliza tiyi n'kupempha wina.

Mtsikanayo anagona kwathu. Lamlungu masana, akulongedza chikwama, ndinawapeza amuna anga pa chitseko chija, chitini cha girizi chili chotsegula. Sanabise. Anamata kanati katsopano kaja n'kukakanikiza pa chitsulo. Mtsikanayo anatuluka ndi chikwama chake, kuona zimene zikuchitika, n'kutembenukira kwa ine.

"Amayi, masabata atatu akubwerawa ndili pa ntchito mpaka Loweruka. Loweruka la sabata yachinayi ndiye ndikupuma."

"Ndamva," ndinatero, ngakhale sindine amene ankauzidwa.

Amuna anga sanadzutse mutu. Anapisa chala m'chitini, kutapa girizi wina pang'ono, n'kuwonjezera pa kanatiko.