Galu Wathu pa Kaliyala

Mwana wanga amagwira ntchito m'minda ya mphesa kufupi ndi nyanja ku Joni. Ananditumizira chithunzi cha galu wa abwana ake atakhala kutsogolo m'galimoto ngati nduna. Ndinati chitukuko si cha azungu okha. Popita ku Zemba kukaona apongozi, ndinaika galu wathu m'dengu n'kumangirira pa kaliyala wa njinga.

Ndinaiwala kuti kwathu nyama yokwera njinga imakhala ndiwo. Apongozi ataona dengu likugwedezeka anaimba nthungululu, natuma mlamu wanga kukanola mpeni. Nditamasula, galu anatuluka n'kudziwongola.

Apongozi anamuyang'anitsitsa. "Mwayenda bwanji, alendo athu?" anafunsa galuyo mwaulemu.

Iye anapatsidwa mkute. Ine mpando ndikuudikirabe mpaka lero.