Njere Zitatu za Chimanga

"Tseka pakamwa pako, Yotamu! Amenewo ni atate ako!"

Amayi anandikalipira chomwecho madzulo a tsiku limene tinaika mlongo wanga Tiyezge m'manda. Ndinali nditangowanena atate kuti ndi amantha, pamaso pawo, ndili ndi zaka khumi zokha. Mpaka lero ndikamva fungo la mango owolera pansi pa mtengo litasakanikirana ndi la dothi lonyowa, mawu amenewo amandibwerera. Ndine munthu wa mtima wapachala, ana anga angakuuzeni, ndipo ndikulidziwa dzinja limene ukali umenewu unamera.

Atate anali mphunzitsi wa masamu pa boma la Lundazi, Mchewa wa ku Chipata amene anakwatira Mtumbuka wa kwa Magodi. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo munthu wanzeru ankayamba wayang'ana uku ndi uku asanatsegule pakamwa. Iwo sanayang'ane. Ananena pamsonkhano kuti mwana asamabwezedwe pasukulu chifukwa choti makolo ake alibe khadi la chipani. Anawatsekera miyezi inayi. Atatuluka anabwera ndi pepala, ndipo lole ya boma inakatitsitsa tonse, iwo, amayi ndi ife ana anayi, pamodzi ndi katundu wathu pa kanyumba ka malata a dzimbiri kumidzi ya kwa Magodi, mvula yoyamba itangogwa.

Pepalalo linali la Chingerezi, ndipo mawu aakulu pamwamba pake anali akuti lisitilikishoni. Linkati atate asapitirire mamailosi asanu kuchokera pakhomo, ndipo Lachisanu lililonse wapolisi azibwera panjinga ndi buku loti asaine. Anthu anawamasulira mawuwo aliyense m'mene anafunira. Ena ankati aphunzitsi ndi omangidwa, ena ankati ndi opitikitsidwa, mnyamata wina kusukulu anati ndi mbuzi ya pachingwe. Ameneyo ndinamugulula dzino. Atate anatsegula dikishonale yawo yothothoka chikuto, nandiwerengera mawu onse oyandikana nawo, akuwatembenuza m'Chinyanja: malire, chiletso, mpanda, polekezera. Ine zonsezo ndinkazidziwa. Malire a munda amaoneka ndi mzere wa nkhadze, mpanda wa khola umaugwira ndi dzanja. Ndinawafunsa kuti nanga malire awowo ali pati.

"Olemba pepala sanayeze," anatero. "Tiyeza tekha."

Anazunguliza chingwe pa tayala la njinga yawo, anachita masamu pansi ndi kamtengo, napeza kuti tayala likazungulira maulendo 720, imeneyo ndi mailo imodzi. Pa sipoko imodzi ya tayalalo anamangapo kansanza kofiira. Iwo ankakankha njinga, ine ndinkawerenga nthawi iliyonse kansanzako kakafika pansi. Ndikafika pa handiredi ndinkachotsa njere imodzi ya chimanga m'thumba lakumanja la kabudula n'kuiika lakumanzere. Njere zinali 36. Zikatha zonse, pamenepo tinkakumba n'kuimikapo mwala. Njira zochoka pakhomo pathu zinali zinayi, ndiye tinatenga masiku a Loweruka anayi.

Sindinama, masiku amenewo ndinasangalala. Chimanga chinali chitangofika m'mawondo, fodya atangookedwa kumene, ngumbi zikutuluka m'zulu mvula ikakata. Matope ofiira ankamata tayala mpaka atate ankaima kulipala ndi kamtengo. Azimayi opalira m'minda ankaweramuka n'kufuula kuti, "Monire, asambizgi!" Atate ankayankha m'Chitumbuka chawo chopindika, azimayiwo n'kuseka mpaka kutsamira makasu. Ku boma atate sankakhala ndi nthawi ya ine. Kuno ndinali nawo tsiku lonse.

Njira yachinayi inali yopita kwa amalume, kumudzi kumene amayi anabadwira. Tsikulo dzuwa linatuluka mwaukali mvula itagwa m'mawa, nthaka ikufuka nthunzi. Ndinali ndi njala, ndipo minga inali itandilowa ku chidendene. Titayandikira kumapeto ndinapisa m'thumba n'kusamutsa njere zitatu nthawi imodzi, osawerenga, kuti tibwerere msanga. Mwala tinauimika pansi pa mtengo wa msuku. Kuchokera pamenepo madenga a mudzi wa amalume ankaoneka, ndiponso nkhalango ya kumanda kwawo cha kumanzere. Atate anayang'ana madengawo nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana ine. Anatembenuza njinga, tinabwerera kunyumba.

Tiyezge anali ndi zaka zitatu. Tikabwerako ankathamangira njinga, kumasula kansanza kofiira kaja n'kumayenda nako pabwalo akuti ndi mbendera yake. Mu Febuluwale, mvula ikugwa usana ndi usiku, zovala zosauma zikununkha nkhungu m'nyumba, anadwala malungo. Chipatala chinali ku boma, kutali kupitirira miyala yonse. Kuti atate apite, pankafunika kalata yodzera kwa a Zgambo, tcheyamani wa chipani m'dera lathu, ndipo yankho lake linkatenga masiku. Amalume ndiwo anawakweza amayi ndi mwana panjinga ija. Atate anawaperekeza mpaka pa mwala wa njira ya ku boma, nabwerera wapansi. Masiku atatu amenewo sanakhale pansi. Ankangoyenda kuchoka pakhomo kukafika pa mwala, kuchoka pa mwala kubwera pakhomo, buluku litanyowa mpaka m'mawondo.

Tsiku lachinayi amalume anafika akukankha njinga, amayi akuyenda pambuyo, mwana ali kumsana koma atafunditsidwa chitenje mpaka kumutu. Amayi anayamba kulira atafika pa mtengo wa mango.

Ku Chipata kunali kutali, ndiye anagwirizana zokamuika kumanda a kwa amalume. Atate anatsitsa mabuku awo onse pansi, naphwasula shelefu, nakhoma bokosi ndi manja awo. M'mawa mwake analinyamula okha pachifuwa, anthu akuimba nyimbo za kutchalitchi pambuyo pawo. A Zgambo analipo, atavala jekete, ndipo ankaimba mokweza kuposa aliyense. Titafika pa msuku paja atate anaima. Nyimbo inayamba kuzilala mpaka inatheratu, kunangotsala phokoso la madontho ogwa m'masamba.

"Alamu, manda ni awo apo," anatero amalume. "Tiyeni. Ndani angakuneneni lelo?"

Atate anatembenuka kuyang'ana a Zgambo. A Zgambo anayang'ana nsapato zawo. Sananene kuti pitani, sananenenso kuti musapite. Atate anapereka bokosi m'manja mwa amalume, anavula chipewa, naima pambali pa mwala.

Ife tinapitirira. Miyendo yanga inali itazolowera, ndipo ndinapezeka ndikuwerenga. Ndinkadziwa kuti tayala likazungulira kamodzi ine ndaponda kanayi, ndiye njere zitatu zija zinali mapazi anga 1,200. Pamene tinkafika pa dzenje ndinali ndisanakwanitse n'komwe chikwi chimodzi. Manda a Tiyezge anali m'kati mwa mamailosi asanu. Atate anali ndi ufulu wonse woponya dothi pa bokosi la mwana wawo, koma ine ndinawabera chifukwa cha njala ndi kaminga. Za pamandapo sindikumbuka china, koma fungo la dothi lofukulidwa kumene, ndi kuti nditacheuka ndinaona kadontho koyera ka malaya awo pansi pa msuku.

Madzulo anthu atabalalika, atate anakhala pakhonde pafupi ndi mulu wa mabuku awo. Ndinapita kukaima patsogolo pawo ndi cholinga choulula. Koma pakamwa panatuluka zina. Ndinati ndi amantha, ndinati mwamuna weniweni saopa mwala, ndinati mnyamata uja sananame za mbuzi. Apo ndi pamene amayi anakuwa. Atate anangoti, "Mulekeni, amake Yotamu. Nayenso walila mlongo wake."

Ndakhala ndi mawu amenewo zaka zambiri. Nditabereka ana anga ndi pamene ndinakumbukira chinthu chimene ndinkachiona Loweruka lililonse koma osachilabadira: milomo ya atate inkagwedera pamene ankakankha njinga. Ankawerenga nawo. Mphunzitsi wa masamu sangasiyire moyo wake m'thumba la kabudula wa mwana. Anadziwa za njere zitatuzo tsiku lomwelo, ndipo anausiya mwalawo pomwepo, chifukwa ankadziwanso kuti malire awo enieni sanali pa tayala la njinga. Anali pamene munthu wovala jekete angaloze. Akanaponda kupitirira mwala umene mudzi wonse unkaudziwa, Lachisanu likanabwera ndi galimoto m'malo mwa njinga, ndipo amayi akanatsala okha ndi ana atatu amoyo. Anaikidwa pakati pa mwana wakufa ndi ife otsala, ndipo anasankha ife. Zimenezi sanandiuzepo mpaka anamwalira, inenso sindinawapepese. Tinali ofanana kuuma pakamwa.

Koma m'mawa wotsatira maliro ndinalibe nzeru zimenezo. Ndinkangodziwa kuti mwala uli polakwika, ndipo wouika polakwikayo ndine. Kutangocha ndinatenga njere zitatu za chimanga, ndinaziika pamwamba pa dikishonale kuti atate akadzuka amvetse okha, ndinanyamula khasu n'kuuyamba ulendo. Mame anandinyowetsa mpaka m'chiuno. Pa msuku paja ndinaufukula mwalawo. Unali wolemera kuposa m'mene ndinkaukumbukira, ndiye pena ndinkaunyamula pamimba, pena ndinkaugubuduza m'matope, ndikuwerenga mapazi mokweza kuti ndisaphonyenso ngakhale limodzi. Ndinadutsa nawo pambali pa manda, zala zikutuluka magazi, mpaka ndinakwanitsa 1,200. Pamenepo ndinakumba, ndinauimika, ndinapondaponda dothi m'mbali mwake monga ankachitira atate.

Kenako ndinabwerera pa mtumbira wa Tiyezge, ndinakhala pansi moyang'ana njira yochokera kwathu, n'kuyamba kudikira atate. Ndinadikira mpaka dzuwa linafika pamutu.