Kope la Nyimbo la a Jobson

A Jobson Chimutu, okonza njinga pa Kamwendo, ndiwo anagulira kwaya ya kutchalitchi kwawo kope la nyimbo mu 1976. Ankadzitama kuti kopelo n'la aliyense, wodziwa nyimbo alembemo. Anthu analembamodi, mpaka Zelifa wogulitsa zitenje anathiramo nyimbo zovinitsa zimene anatola ku Zambia.

A Jobson anapsa mtima. "M'tchalitchi si m'bala!"

Anachititsa chisankho cha wapampando wa kwaya, wopikisana nawo palibe, monga zinkakhalira masiku amenewo. Atapambana, kope analitsekera m'bokosi la masipanala.

Anachedwa nazo. Zelifa anali atakopera kale zonse, ndipo kwaya yonse inamutsatira.

A Jobson anatsala ndi kope lenileni ndi mpando womwe. Lamulungu lotsatira anaimba okha, ndipo m'pamene mpingo unadziwa kuti mkuluyu mawu alibe.