Kompyuta ya Zuze Inabwera Pamiyendo Panga

Ine za ku Joni sindinkazilota n'komwe. Anandinyamula ndi madzi. Chaka chimene Shire anasefukira n'kutenga mapira onse kudimba, thonje lomwe n'kugona m'matope, ndinakhala pakhonde pathu pa Ngabu masiku atatu ndikungoyang'ana madziwo. Tsiku lachinayi ndinauza mwana wanga Zuze kuti, "Ndikupita kwa Esinati." Esinatiyo ndi mnzanga wa ku Makhuwira, tinkaimba limodzi kwaya, ndiye iyeyo anapita kalekale ku Joni kukagwira ntchito za m'nyumba. Bambo ake a Zuze anali atatisiya kale, wondiletsa panalibe. Zuze, ali Folomu 3 nthawi imeneyo, anangoti, "Mama, inu ngakhale mu Limbe mumasochera." Zoonadi ndinasocherapo mu Limbe, ndinazungulira depoti katatu nditasenza thumba la mbatata, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Ndinakhala kumeneko zaka zisanu ndi chimodzi. Masiku a mu pasipoti anatha mwezi woyamba womwewo, ndipo kuchokera pamenepo mantha ndinkadzuka nawo, kugona nawo. Ukaona galimoto ya polisi, kukhotera njira ina. Mu takisi sindinkatsegula pakamwa, poopa kuti amva lilime. Foni ikalira pagulu, ndikuona ndithu kuti ndi Zuze, ndinkaisiya ilire mpaka itope. Nthawi ina kutavuta, anthu akuthamangitsa alendo, ndinaona ndi maso angawa mwamuna wa kwathu konkuno akumukoka pamsewu nsapato imodzi itavuka. Msuweni wake wa Esinati anabwerera kumudzi ali m'bokosi, m'ngolo ya kumbuyo kwa galimoto, pamodzi ndi mafiriji a anthu. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, sindinalumphepo, Zuze mpaka anamaliza sukulu. Koma Lamulungu masana, m'kachipinda kanga ka kuseri kwa nyumba ya abwana, ndinkayankhula ndi ketulo. Kuzizira kwake! Munthu wa ku Chigwa kufika posowa thukuta. Zuze akati, "Mama, bwerani basi," ine yankho langa linali limodzi: "Chaka chamawa."

Tsono abwana angawo, bambo wamkulu, ndevu za imvi, ankasewera magemu. Ee, ngati mwana. Akaweruka kuntchito, mahedifoni m'makutu, kumakuwa okha m'chipinda. Kompyuta yawo inali chibokosi chachikulu pansi pa tebulo, ndipo woichotsa fumbi ndinali ine. Anandiphunzitsa kutsegula m'mbali, kusolola kasefa, kupukuta mafani ndi kaburashi kofewa, madzi ayi. Tsiku lina anandiuza kuti chinthuchi adani ake ndi awiri, kutentha ndi fumbi. Ndinaseka chamumtima, ndati ndiye kwathu ku Ngabu sichingagone n'komwe.

Uthenga wa Zuze unandipeza ndikukolopa kubafa. Zuze tsopano anali mwamuna wamkulu, akupalasa kabaza pamsika. Mawu ake pafoni anali ouma. "Mama, kabaza wandikwana. Ndapeza transipota wondiwolotsa, mwezi wamawa ndikubwera konko." Ndinakhala pansi pomwepo, pamadzi. Ndinamuimbira.

"Iwe Zuze, wapenga? Kuno si kobwera."

"Nanga inu mukutaniko?"

"Ine ndine nkhalamba, sandiona. Iwe akuona tsiku lomwelo."

Iye akuti, "Chabwino. Pali chinthu chimodzi chingandikhazike." Chinthu chake, kompyuta ya magemu, yogula yomangamanga kale. Akuti atsegula malo pa Ngabu, anthu azilipira kusewera mpira ndi mipikisano ya magalimoto. "Koma musapatse transipota, aiphwanya ngati mbale munatumiza zija. Mubwere nayo nokha, pamiyendo."

Apo ndiye panali pamutu. Munthu amene masiku anamuthera, akamatuluka paboda amamudinda, zaka zingapo osalowanso. Kubwera nayo ndekha kunali kusiya ntchito. Esinati anati, "Amake Zuze, mwanayu akukusewerani mutu. Mukanireni, muuzeni nkhabe, basi." Koma ine ndikatsinzina ndinkaona ngolo ija, ndi mafiriji aja. Ndinang'amba mpendero wa siketi momwe ndinkasunga ndalama za mwadzidzidzi, abwana nawo anandiwonjezera potsanzikana.

Zuze anatumiza chithunzi. Yoyera, galasi mbali ziwiri, mkati magetsi ofiira, obiriwira, ngati holo ya ukwati. Anatumizanso manambala a chimene amati khadi la zithunzi, akuti mtima wa magemu ndi chimenecho, manambalawo asaphonye. Ndinawakopera papepala ndi zilembo zikuluzikulu. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 6, koma kukopera ndimatha.

Loweruka m'mawa tinapita m'tauni ndi Esinati, ine nditavala diresi yakutchalitchi kuti ndizioneka munthu wa mapepala. Sitolo yake, mayo ine! Mabokosi ndandanda, onse akuphethira. Wogulitsa anayang'ana pepala langa, anayang'ana nsapato zanga, n'kutilondolera pa ziwiri. Akuti zonse khadi lake ndi lomweli. Ina inali ya pachithunzi ija. Inayo inali yakuda bii, yopanda chokongola chilichonse, kutsogolo kwake mabowo okhaokha ngati sefa ya ufa.

"Tengani yoyerayi, mama, achinyamata amafera imeneyi. Imazizira ndi madzi."

"Madzi ali kuti?"

Anandilozera timapaipi tiwiri mkatimo. Ndinabwerera m'mbuyo. Ine amene ndinathawa madzi kwathu, ndinyamule madzi ena kupita nawo komweko, m'chinthu cha magetsi, pamabampu a ku Tete? Akuti sadontha. Ndati akadzadontha, pa Ngabu adzakonze ndani, wowotcherera njinga?

Ndiye ndinachita zimene ndimadziwa. Ndinagwada, diresi yakutchalitchi yomweyo, n'kuika dzanja kutsogolo kwa yoyera ija. Galasi. Mpweya umalowera pakampata kam'mbali, chala changa osakwana. Ndinaika pa yakuda, mphepo ikukoka chikhatho, mafani atatu akuluakulu. Ndinati atsegule. Yoyera anafuna sikuludiraiva. Yakuda ndinatsegula ndekha ndi zala, kasefa n'kusolola ngati dilowa. Wogulitsa uja akuti, "Mama, mumakonza makompyuta?" Esinati akuti, "Amawasambitsa."

Koma musaone ngati ndinasankha mokondwa. Ndinkati ndikatenga yoyera, ikafa mwezi wa Okutobala, Zuze anyamuka. Ndikatenga yakuda, akaikana kuti si imene ananena, anyamukanso. Ndinaima pakati pa ziwirizo mpaka Esinati anandikodola kuti mlonda wayamba kutiyang'ana. Ndinaloza yakuda.

Potuluka, katoni tagwirizana awiri, tinangomva, "Mama!" Wapolisi. Ine mkodzo unatsala pang'ono. Anayandikira, anawerama, akuwerenga zolemba pakatoni. Ndinayamba Atate Wathu chamumtima, ndinafika pa chakudya chathu chalero. Kenako akugwedeza mutu, akuti mwana wake akumuvutitsa chaka chonse kufuna yomweyi, tagula zingati? Esinati anayankha m'chiyankhulo chawo, wapolisi uja anaseka, n'kumapita. Ine ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu n'kumaliza pemphero lija.

Zuze ndinangomutumizira chithunzi cha katoni yotseka. Akuti, "Ndi yoyera ija?" Ndati, "Netiweki ikuvuta."

M'basi kondakitala anafuna aiike kungolo. Ndinati muyambe mwaikako ine. Ndinaikulunga bulangete, pamwamba chitenje, n'kuikhazika pamiyendo. Masiku atatu. Mayi wina wa ku Mangochi amene ndinakhala naye anafunsa ngati muli mwana wodwala. Paboda anatsegula pasipoti, anandiyang'ana, anawerenga zaka pazala, chidindo phaa! Sindiname, ndinalira. Osati kuti ndinkakukonda kumeneko, koma ndinkati ndawotcha njira, tsono mwana akakana chinthuchi ndidzamutsatira bwanji? Pa Tete thukuta linayamba, pa Mwanza anatsegula katoni n'kundilipiritsa msonkho, ndipo potsika mapiri a Thabwa mu minibasi, mphepo yotentha ija itandimenya kumaso, ndinadziwa kuti ndafika. Miyendo inali itatupa ngati mitondo.

Zuze anandichingamira pasiteji. Ndevu! Ndinamusiya alibe. Sanayang'ane katoni, anandigwira mapewa, akuti, "Mama, mwachepa." Anandikweza pakabaza wake, katoni pamiyendo pomwepo, mpaka kuseri kwa msika. Kachipinda ka njerwa, mawindo a waya, sola padenga. Shelefu anaimanga m'mwamba, kufika pachifuwa, pamwamba pa mzere umene madzi anasiya pakhoma. Sikirini anali atagula kale yakaunjika.

Anatsegula katoni. Anasuzumira mkatimo.

"Mama, si imeneyi."

"Khadi ndi lomwelo, ona manambala."

"Ndinati yoyera."

"Yoyera ija siipuma, mwanawe. Ndi ya anthu okhala m'nyumba zozizira. Kuno ikanafa thonje lisanathyoledwe."

Ndinayankhula zambiri, za madzi, za kasefa, za abwana a ndevu, pakamwa pakungothamanga chifukwa cha mantha. Iye analumikiza mawaya, anayatsa. Dzuwa lili paliwombo, malata akulira ndi kutentha. Anasewera mpira, anasewera magalimoto, ine maso ali pa chibokosicho kudikira kuti chizime. Sichinazime. Anaika dzanja kumbuyo kwake, anamva mpweya ukutuluka, akuti, "Yonyansa, koma ikukoka."

"Ndiye transipota uja umuuza kuti basi?"

Iye akuti, "Tandipatsani pasipoti." Anatsegula, anapeza chidindo chija, anachiyang'ana nthawi yaitali, akuchisisita ndi chala. Kenako anakhala pansi, pasimenti, n'kuphimba nkhope.

"Transipota wake uti, mama? Ine ngakhale pasipoti ndilibe."

"Iwe Zuze!"

"Mavidiyo aja a anthu akuwakoka pamsewu, mumaganiza kuti kuno safika? Ndinkawaimitsa, kukulitsa, kuyang'ana zitenje ngati muli chanu. Ndikaimba inu osayankha, ndinkatsika panjinga, pasenjala n'kumuuza kuti ayende wapansi. Zaka zonsezi chaka chamawa, chaka chamawa. Ndinafunsa kwa obwerako, anandiuza za chidindochi. Ndinati chokhacho chingakutulutseni ndi kuopa kuti ine ndibwera."

Ndinafuna kumumenya ndi silipasi, ndevu zakezo. Dzanja linakana. Ine ndinkayesa mantha onse ndapita nawo ku Joni, kuno ndikungotumizako ndalama. Osadziwa kuti mwezi ndi mwezi ndinkatumiza zonse ziwiri.

Malo aja akuyenda, tsiku lina bwino, tsiku lina mitambo ikaphimba sola timangokhala. Aphunzitsi amabwera, a kabaza amabwera, ngakhale wogula thonje wina wamkulumkulu amabwera mobisala. Loweruka lililonse m'mawa, asanatsegule, ndimapita ndi kaburashi kanga kukasolola kasefa. Fumbi lake la pa Ngabu, mungadzalemo mapira. Zuze amaima pakhomo akuseka, n'kundithokoza mwa kwathu, akuti, "Takhuta, injiniya." Ndipo foni ikalira, kaya ndili m'minibasi, kaya pakati pa msika, ndimayankha kulira koyamba, mokweza, m'chiyankhulo chathu.