Kabotolo ka Seleniyamu Pawindo

Chaka chimenecho mawondo ndi zala za amayi zinatupa moti sankathanso kuswa mtedza. Adokotala anati ndi nyamakazi, nawonjezera kuti mwina thupi lawo linkaperewera mchere wotchedwa seleniyamu, umene umathandiza kuchepetsa kutupa, poti dothi lathu lili nawo wochepa. Abambo anapalasa njinga kuwoloka malire, nakagula kabotolo ka mapiritsi ake ku Zambia.

Tsoka lake, masiku amenewo anthu pa Kamwendo ankati mapiritsi otere amamwa ndi okhawo owonda ndi matenda aja tinkaopa kuwatchula.

Amalume atabwera kudzazonda mlongo wawoyo, maso awo anagwera pa kabotolo kaja pawindo. Anakatembenuza, nawerenga, nakabwezera mwakachetechete. Ine ndinali nditawagwadira ndi madzi akumwa, koma kapuyo sanailandire.

"Alamu," anatero kwa abambo, "ku Zambia mumapitapitaku mwatitengerako chiyani?"

Abambo anayesa kufotokoza za dothi. Amalume anawadula pakamwa, nati mkamwini wobweretsa maliro pamudzi alongedze zake azipita. Mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbukira kuti amayi, eni kudwalawo, sanawafunse n'komwe.

Amayi anadzikoka pamphasa, natsegula kabotolo kaja ndi mano poti zala zinkakana, nameza piritsi limodzi popanda madzi.

"Achimwene," anatero, "nthawi yonse ndakhala ndikulira ndi mawondowa munali kuti? Amene mukuwathamangitsawa ndi amene amandibereka kupita kuchimbudzi. Akachoka, mawa mulawire, mudzandibereke ndinu."