Stelia Anakhalira Manja Ake

Tsiku loyamba limene Stelia anakhala pa bolodi lenileni la chesi, anagonja asanasunthe ngakhale kakhumi. Kunali ku Kamwendo, pa masewero oyeserera a sukulu zoyandikana. Anagwira mfumukazi, n'kuona kuti walakwitsa, n'kuisiya msanga.

"Ayi mtsikana," anatero woyang'anira. "Chimene wagwira, usunthe chomwecho. Ndi lamulo."

Mfumukazi inadyedwa pomwepo. Posakhalitsa Stelia anagonja n'kutuluka.

Inu, musamuseke mwanayu. Chesi anaiphunzirira pa laputopu ya aphunzitsi ake, mayi Imelda. Mu laputopumo munali pulogalamu yophunzitsa njira yoyambira masewero yotchedwa London. Ukasuntha molakwika, pagalasi pamafiira, iwe n'kudina batani lobwerera mmbuyo, basi zatha. Stelia anali katswiri wa batani limenelo. Palibe anamuuza kuti bolodi lamatabwa lilibe batani.

Ndiye kugonjako sikunali nkhani yamasewero chabe. Makolo ake anali matenanti pa esiteti ya fodya, ndipo bambo ake anali atanena kale mosapsatira: "Fodya akangotha tikuwolokera ku Zambia, kuli esiteti ina. Sukulu yako yathera pa Fomu 2." Khomo linali limodzi lokha. Sukulu ina yogonera komweko inalonjeza malo aulere kwa mtsikana amene adzapambane mpikisano wa ku Mchinji Boma. Kunali kutatsala miyezi itatu.

Stelia anachita mantha, mantha enieni. Lole iliyonse ikalowa pa esiteti, mtima unkangoti phwii, kuyesa ndi yodzawatenga. Sabata yathunthu sanayandikire laputopu ija.

Loweruka lina akuthandiza kusankha fodya m'shedi, anatola tsamba, kulibweza, kulitolanso. Tsamba linathetheka.

"Iwe, manja akowa ndi othamanga bwanji!" anakalipa amayi ake. "Ine tsamba ndimayamba ndaliona, ndidziwe mulu wake, kenako ndiye ndimaligwira. Kamodzi basi. Ukufuna akapitawo atinene?"

 Lolemba Stelia anapita kwa mayi Imelda. "Madamu, tamatani batani lija."

Analimatadi ndi selotepi. Kuyambira tsiku limenelo, Stelia akaweruka ankayeserera pa laputopu atakhalira manja ake pabenchi. Ankayang'ana, kuganiza, kenako n'kutulutsa dzanja limodzi. Akalakwitsa pa kusuntha kwachisanu ndi chinayi, ankayambiranso poyambirira penipeni. Abale, pagalasi panafiira kambirimbiri! Masiku ena ankalira. Anzake ankamufunsa ngati manjawo akufungatira mazira. Kunyumba anajambula bolodi pa katoni, zitsekerero za mabotolo n'kukhala asilikali, kuti zala zizolowere kugwira chinthu chenicheni.

Tsiku la mpikisano, katundu wa banja lawo anali atamangidwa kale m'matumba.

Anapambana masewero anayi. Omaliza anakumana ndi Tiyamike, mtsikana wa pa Boma pomwepo, amene ankasuntha mwachangu ngati akuthamangira minibasi. Poyamba zonse zinayenda monga pa laputopu. Kenako Tiyamike anasiya msilikali wake poyera, wopanda womuteteza, n'kuyang'ana kumbali.

Dzanja la Stelia linatuluka lokha. Linafika pamwamba pa mfumukazi, zala zitatambasuka, kutsala pang'onong'ono.  M'mutu mwake munali matumba omangidwa aja.

Analibweza dzanjalo n'kulikhalira.

Anthu anaseka, iye osawamva. Anayang'anitsitsa bolodi mpaka anauona msampha. Akanadya msilikaliyo, kavalo wa Tiyamike akanalumpha n'kuopseza mfumu ndi mfumukazi nthawi imodzi. Pamenepa mpomwe pankafiira kawirikawiri pa laputopu paja. Anasiya nyamboyo, nasuntha kavalo wake. Patatha theka la ola, Tiyamike anamupatsa dzanja kuvomera kugonja. Malo a sukulu aja anali a Stelia.

Lole inabweradi sabata yotsatira. Bambo ake anakweza matumba onse, kupatula limodzi. Analiika pamapazi a Stelia, maso ali kumbali.

"Ili silikuwoloka," anatero. "Bulangete lako lili momwemo. Ukawerenge, mwanangu."

Amayi ake anamugwira manja onse awiri mpaka dalaivala analiza hutala kachiwiri.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso munagwirapo cholakwika anthu akuona, batani lobwerera palibe. Mantha asakuthamangitseni dzanja, komanso asakuchotseni pa bolodi. Stelia anali ndi mantha mpaka kusuntha komaliza, koma sanadzuke pampando. Nanunso khalani pomwepo, yang'anitsitsani, ndipo mtima wanuwo musautaye.