Ngodya Zinayi za Munda Wanga

Pa malamulo onse a Aisraele, limene ndinkaliphunzitsa mokoma linali la kukunkha. Zaka za Chitaganya zija, azungu akulamulabe, ndinali mphunzitsi wa kalasi ya ofuna ubatizo m'mudzi mwathu, kufupi ndi Madzimoyo, ndipo pakamwa ndinali napo. Ndinkawauza kuti anthu aja anatuluka mu ukapolo, ndiye Mulungu wawo anawalamula kuti pokolola asamasese munda wonse. Za m'ngodya ndi zotsalira azisiyira wamasiye ndi mlendo, poti nawonso anakhalapo alendo m'dziko la eni. Amayi ankavomereza ndi mitu. Kwathu kukunkha si kwachilendo: mwini akazula mtedza wake, wotsalira m'nthaka ndi wa aliyense wobwera ndi kakhasu.

M'kalasimo munali mayi wina wamasiye wochokera kwa Apwitikizi, amene anafika ndi ana awiri ndi mphasa basi. Kamunda anapatsidwa, koma mbewu analibe. Kuwerenga sankadziwa, koma mawu akalowa m'khutu mwake sankatulukanso.

Tsiku lina titaweruka anagwada pambali pa njira.

"Aphunzitsi, ndamva mwatha kuzula. Ndingakakunkheko? Sindifuna wakudya ayi, ndifuna wa mbewu."

"Amayi, mpaka kupempha? Bwerani Lolemba."

Ndinayankha mokweza dala kuti ena amve.

Lachisanu kunafika mlangizi wa zaulimi pa njinga kuchokera ku Fort Jameson. Anati sabata yamawa abwera ndi bwana wake mzungu kudzaona alimi amene agalauza minda msanga chinyezi chisanathe. Ine kufuna kutamandidwa ndiwo matenda anga kuyambira kale. Loweruka ndinabwereka ng'ombe kwa alamu anga n'kulima munda wonse mpaka m'ngodya. Pulawo inkatulutsa mtedza wambiri ndithu, uli mbwee m'mizere.

"Bambo, nanga mayi uja?" anafunsa mkazi wanga.

Ndinamukalipira kuti za kumunda azisiyire ine. Poopa kuti mzungu aona mtedza wamwazika n'kunditenga ngati mlimi wosasamala, ndinatsegulira nkhumba zanga. Zinadya Loweruka, zinadya Lamulungu, ine ndili m'tchalitchi kutsogolera nyimbo. Sindinganame kuti ndinaiwala. Nyumba ya mayiyo inali kutsidya kwa dambo chabe, ndipo ndikanamuitana akanatola kumbuyo kwa pulawo tsiku lomwelo. Ndinangoiyesa nkhani yaing'ono.

Lolemba m'mawa ndinamuona akubwera ndi lichero pamutu, kakhasu m'manja. Ndinathawira kuseri kwa nkhokwe, munthu wamkulu ndi ndevu zanga. Mayiyo anaima kanthawi m'munda muja akuyang'ana mapazi a nkhumba. Kenako anapita pangodya yoyamba n'kufukula. Anapita pa yachiwiri, yachitatu, mpaka yachinayi, monga mmene ndinamuphunzitsira. Anapeza makoko okhaokha. Sanabwere kunyumba kudzadandaula, anangobwerera lichero lili m'khwapa.

Nkhokwe imene ndinabisalako inali yodzaza mtedza. Kumutapira lichero limodzi kukanakhala kuvomera kuti ndalakwa, ndiye ndinati ndidzamupatsa mawa. Mawa lakelo silinafike. Mzungu uja anabwera, anayang'ana munda ali m'galimoto, n'kupita. Mvula itagwa kamunda ka mayiyo kanamera udzu, ndipo iye anatenga ana ake kupita ku mafamu a fodya. Sindinamvenso za iye.

Koma chimene chimandilasa mtima mpaka lero chinachitika asanachoke. Abusa anabwera kudzayesa kalasi yanga, ndipo anafunsa chifukwa chimene Aisraele ankasiyira zokolola m'ngodya za minda. Onse anawerama. Mayi uja anaimirira n'kufotokoza zonse bwinobwino, za ukapolo, za wamasiye, za mlendo, osaphonya ngakhale pamodzi. Mawu ake anali anga enieni.

Abusa anasangalala kwambiri.

"Amayi, mwayankha ngati munthu wa sukulu. Anakuphunzitsani zimenezi ndani?"

Mayiyo anatambasula dzanja mwaulemu kuloza kumene ndinakhala, maso ali pansi.

"Aphunzitsi athu awo, abusa. Amaphunzitsa bwino kwambiri."